Musawasiyire msewu ana amenewa

Adzukulu anga, inu amene munabadwira kuno ku Britain, ndi inu amene mwafika zaka zapitazi potsatira makolo anu odzagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, tiyeni tiyambe ndi kuwerenga zaka za anthu. Stephen Lawrence anali ndi zaka 18 pamene gulu la anyamata achizungu linamubaya akudikira basi ku Eltham, kum'mwera chakum'mawa kwa London, usiku wa pa 22 Epulo 1993. Mwa awiri amene khoti linadzawapeza olakwa mu Januwale 2012, Gary Dobson anali ndi zaka 17 usiku umenewo, David Norris 16. Ku Huyton, pafupi ndi Liverpool, Anthony Walker, nayenso wa zaka 18, anaphedwa ndi nkhwangwa mu Julayi 2005, ndipo omuphawo anali a zaka 17 ndi 20. Tikamakamba za tsankho timakonda kuganiza za nkhalamba yokwinya nkhope imene ikukana kukhala nafe mpando umodzi m'basi. Nkhalambayo ilipodi, koma imathera pong'ung'udza. Manja amene amaponya njerwa ndi kusolola mpeni kawirikawiri ndi a msinkhu wanu, mwinanso wa ang'ono anu.

Anyamata a ku Eltham aja sanagwe kumwamba. Mu 1991 Rolan Adams wa zaka 15 anali ataphedwa mofananamo ku Thamesmead, ndipo chapafupi pomwepo, ku Welling, chipani chatsankho cha BNP chinali ndi likulu lake m'nyumba imene chinkati ndi sitolo ya mabuku. Chakumapeto kwa 1994 apolisi anabisa kamera m'nyumba imene Dobson ankakhala. Kanema wake amaonetsa anyamata akuseweretsa mipeni, akuonetsana kabayidwe, akutukwana anthu akuda uku akuseka, aliyense akufuna kuposa mnzake pa mwano. Tsankho la achinyamata limakula choncho: pagulu, moseka, pamalo popanda wamkulu ndi mmodzi yemwe woti n'kunena kuti basi, zakwana.

Malamulo alipo, ndipo sanabwere okha. Makolo a Stephen, mayi Doreen ndi bambo Neville Lawrence, anakakamira boma mpaka lipoti la Sir William Macpherson linatuluka mu Febuluwale 1999 ndi mfundo 70, n'kunena poyera kuti tsankho linali litalowerera m'kagwiridwe ka ntchito ka polisi ya ku London, osati m'mitima ya apolisi owerengeka chabe. Mfundo imodzi ya m'lipotilo muisunge pamtima: nkhani imalembedwa ngati ya tsankho ngati wochitiridwayo, kapena munthu wina aliyense, akuiona choncho. Wapolisi sayenera kukubwezerani pakhomo n'kumati mwina simunamvetse nthabwala. Komabe lamulo limafika mwazi utakhetsedwa kale. Mnyamata wa zaka 13 amene wangoyamba kumene kulawa mawu onyansa n'kuona kuti anzake akumusekerera, lamulo silimudziwa. Womufikira ameneyo ndi munthu wamkulu amene amaonana naye sabata ndi sabata.

Kwathu anyamata akasinkhuka ankasamukira kumphala, koma mphalayo inkamangidwa m'mudzi momwemo, pamene amalume ankatha kumva zokambidwa usiku, kukacha n'kuitanira wina pambali. Kuno ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi makalabu a achinyamata: holo ya khonsolo kapena ya tchalitchi, mpira, tiyi, nyimbo, ndi munthu wolembedwa ntchito yocheza ndi ana a eni madzulo. Kuyambira 2010, boma litayamba kudula ndalama za makhonsolo, makalabu anali m'gulu la zoyamba kugwa. Bungwe la YMCA linawerengera kuti ndalama za ntchito ya achinyamata zinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 iliyonse, ndipo bungwe la apantchito la Unison linapeza kuti malo oposa 1,000 anatsekedwa. Anawo sanaleke kusonkhana. Anasamukira pamakwerero a mafulati, m'mapaki, makamaka pafoni, kumene wowalankhula usiku wonse ndi aliyense amene ali ndi chidani chotsatsa.

Zotsatira zake tinaziona mu 2024. Pa 29 Julayi atsikana ang'onoang'ono atatu anaphedwa ndi mpeni ku Southport. Dzuwa lisanalowe bodza linali litawanda pa intaneti lakuti wakuphayo ndi Msilamu wofika kumene pa boti kudzapempha malo obisala, chonsecho anabadwira ku Cardiff. Mawa lake usiku gulu linagenda mzikiti wa ku Southport, ndipo sabata yotsatirayo zipolowe zinayenda mzinda ndi mzinda. Ku Rotherham anayesa kuyatsa hotela muli anthu othawa kwawo, ku Liverpool anatentha laibulale ya m'dera lawo lomwe. Pakati pa oimbidwa milandu panali ana a zaka 12. Mkulu woona za ufulu wa ana ku England, Rachel de Souza, atacheza ndi ena mwa anawo, analemba mu Januwale 2025 kuti ambiri sanapiteko chifukwa cha ndale. Anapita kukaona, kukamva kukoma kwa chipwirikiti, ena chifukwa chosungira apolisi chakukhosi. Anthu ena anamva mawu amenewa ngati kuchepetsa mlandu. Ine ndinamvamo mwayi. Mwana amene anaponya njerwa chifukwa choti Loweruka limenelo analibe kopita angathe kubwezedwa. Mukamusiya zaka zina zitatu m'manja mwa amene anamupatsa njerwayo, mudzamupeza atapeza zifukwa zake, ndipo sadzamvanso za munthu.

Ife Amalawi zinthu zikavuta timadzitsekera. Timapemphera tokha, timaotcha nyama tokha pa 6 Julayi, timachenjezana pa WhatsApp kuti lero musalowe m'tauni. Sindikunyoza zimenezi. Mwana amene sabata yonse wakhala wakuda yekhayekha m'kalasi amafunika popumira, pamene tsitsi lake kapena dzina lake silisanduka nkhani. Koma zikathera pamenepo ndiye kuti tasiyira ena ntchito yofotokozera ana a eni dziko kuti ife ndife yani. Zipolowe za mu 2001 zitachitika ku Oldham, Burnley ndi Bradford, boma linatuma Ted Cantle kuti afufuze. Anapeza azungu ndi anthu a mtundu wa ku Asia akukhala tauni imodzi koma osakumana pena paliponse: sukulu zosiyana, ntchito zosiyana, kopemphera kwina, kocheza kwina. Bodza lonena za munthu amene sunakhalepo naye pansi silivuta kulikhulupirira.

Ndiye langizo langa ndi ili. Inu amene mwakwanitsa zaka 18, 20, 25, amene mumalankhula ngati ana a kuno koma mukudziwanso kumene munachokera, pitani kukalabu imene yatsala m'dera lanu mukadzipereke. Kaya ndi timu ya mpira ya ana, kaya ma Scouts, kaya kophunzirira nkhonya, kaya kothandiza ana ntchito ya kusukulu m'holo ya tchalitchi. Musasankhe kumene kuli ana akuda okhaokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale mnzakoyo anali m'gulu logenda hotela.

Koma musaganize kuti kungosonkhanitsa ana m'chipinda chimodzi ndiye mankhwala. Mu 1954 katswiri wina wa za maganizo, Muzafer Sherif, anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 n'kupita nawo kumsasa wa Robbers Cave ku Oklahoma, m'dziko la America. Onse anali azungu, a mabanja ofanana, osadziwana. Anawagawa pawiri n'kuwapikisanitsa pa masewera ndi kukokana chingwe, mphotho n'kumapita kwa opambana okha. Masiku ochepa chabe, anyamatawo anali akutukwanana, kuotcherana mbendera, kuthyolerana zipinda usiku. Ofufuzawo, amene kunena zoona nawonso ankasonkhezera motowo, anayesa kuwayanjanitsa powadyetsera pamodzi ndi kuwaonetsa kanema limodzi. Chakudya chinasanduka chogendera. Udaniwo unayamba kutha pamene madzi a pamsasa anasiya kutuluka ndipo panafunika onse kuti apeze pamene pavuta, ndiponso pamene lole yokatenga chakudya inakana kulira, onse n'kuikoka ndi chingwe chomwe chija ankakokanirana. Pobwerera kwawo anapempha okha kukwera basi imodzi. Chaka chomwecho Gordon Allport analemba kuti kukumana kwa magulu kumachepetsa tsankho makamaka ngati okumanawo ali pamlingo umodzi, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana, ndipo akuluakulu a pamalopo akuonetsa kuti akuzifunadi.

N'chifukwa chake ine sindidalira kwenikweni masiku aja a chikhalidwe, pamene amayi athu amaphika nsima ndi nkhuku, atsikana n'kuvala zitenje n'kuvina, azungu n'kuomba m'manja. Chakudyacho chimakoma, zithunzi zimakongola, koma aliyense amapita kwawo mmene anabwerera: ena oonerera, ena oonereredwa. Apatseni anawo ntchito imene singatheke popanda mnzawo. Asonkhe limodzi ndalama za ulendo wa kunyanja potsuka magalimoto. Akonze njinga zakutha, aphikire okalamba a m'dera, apente holo, ajambule nyimbo imene woimba ndi uyu koma wodziwa makina ndi uyo. Ndipo pogawa matimu muzigawa ndinu, chifukwa mukawalekerera adzagawana mwa khungu osazindikira n'komwe, inu n'kukhala kuti mwakonza nokha nkhondo ya Lachisanu lililonse.

Mpira nawonso musaukhulupirire mopitirira. M'zaka za m'ma 1990 goloboyi wa Newcastle United, Shaka Hislop, ankamwetsa mafuta galimoto yake pafupi ndi bwalo la St James' Park pamene kagulu ka anyamata kanayamba kumutukwana chifukwa cha khungu. Mmodzi atamuzindikira, onse anathamangira kudzapempha kuti awasainire dzina. Zimenezi n'zimene zinamuchititsa kuthandiza Ged Grebby kuyambitsa bungwe la Show Racism the Red Card mu 1996, n'kumayenda m'sukulu ndi osewera anzake. Ntchito yabwino, ndipo ikupitirirabe. Koma taonaninso mbali ina ya nkhaniyo. Anyamatawo ankakonda goloboyi, munthu wakuda osamufuna. Pa 11 Julayi 2021 Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka ataphonya mapenate pa Wembley, ena mwa amene ankawaimbira nyimbo dzulo lake ndi omwenso anawatumizira zithunzi za anyani. Mwana amene amakukondani chifukwa mumagoletsa zigoli sanachire. Wachira ndi amene amakudziwani pa tsiku limene mwaphonya, amadziwa amayi anu, anadyapo kwanu.

Tsopano tifike pa tsiku limene lidzafike ndithu. Mpira uli mkati, mnyamata wina walira ngati nyani, kapena wauza mnzake kuti abwerere kwawo. Imitsani masewerawo nthawi yomweyo. Musadikire kuti athe, musayerekeze ngati simunamve, chifukwa ana onse akuyang'ana nkhope yanu kuti adziwe lamulo lenileni la pamalopo. Nenani modekha, onse akumva, kuti mawu amenewo ndi a tsankho ndipo pano sanenedwa. Akati ndimangoseka, muyankheni kuti nthabwala imene mnzako sakuseka nawo yaleka kukhala nthabwala. Kenako pitani kwa wotukwanidwayo poyamba. Ambiri amalakwitsa apa: amatha ola lathunthu ndi wolakwa, wolakwiridwa atakhala yekha pabenchi. Mufunseni chimene akufuna, muuzeni zimene muchite, ndipo makolo ake amve kwa inu tsiku lomwelo. Musamukakamize kugwirana chanza kuti inu mtima ukhale pansi. Musamusandutsenso mphunzitsi woti aimirire kutsogolo kufotokozera anzake mmene tsankho limapwetekera. Ndi mwana, anabwera kudzasewera.

Wotukwanayo mucheze naye pambali, mtima utatsika, popanda omuonerera. Chilango chikhalepo: akhale kunja masewera angapo, makolo ake adziwe, nkhaniyo ilembedwe m'buku tsiku lake ndi mawu ake enieni. Koma kumuthamangitsiratu pa ulendo woyamba ndi kumupereka m'manja mwa anthu amene akumudikira kunjako, amene adzamuuze kuti waona, tinkanena ife. Mufunseni kumene anamva mawuwo. Mudzamva zambiri. Adzati bambo ake akhala zaka pamndandanda wodikira nyumba ya khonsolo pamene obwera akugona m'mahotela. Musamutseke pakamwa, chifukwa umphawi wakewo ndi weniweni. Chabodza ndi amene wamulozera kuti ndiye wamulanda. Muuzeni zimene mukudziwa: kuti wopempha malo obisala nthawi zambiri saloledwa kugwira ntchito podikira yankho, kuti amene ali m'hotela yodyetsa amalandira ndalama zosafika £10 pa sabata, kuti amayi anu amene amasambitsa agogo ake kunyumba ya okalamba amakhoma msonkho koma viza yawo siwalola kupempha nyumba ya khonsolo. Sadzavomera tsiku lomwelo. Achinyamata savomera pamaso pa munthu. Mudzangoona patapita miyezi kuti mawu aja sakutulukanso, mwina n'kumumva akuletsa mnzake.

Ku Liverpool, m'masiku a zipolowe aja, gulu litasonkhana kunja kwa mzikiti wa Abdullah Quilliam, shehe Adam Kelwick anadikira kuti mitima itsike, kenako anawoloka msewu ndi chakudya n'kukacheza ndi anthu amene anabwera kudzamukuwiza. Ena anamukumbatira. Sindikukutumani kukalowa pakati pa gulu lolusa, iye uja anali ndi apolisi pafupi ndiponso anthu ambiri kumbuyo kwake. Pali malire. Pakakhala kuopseza, kumenya, mpeni, kapena kulondalonda mwana pafoni usiku ndi usiku, imeneyo si nkhani ya kalabu. Imbani 999 ngati ngozi ili pomwepo, 101 ngati yadutsa, sungani mauthengawo, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mukukulitsa nkhani.

Pali china chimene sitikonda kuchikamba pa maphwando athu. Mwana wanu akamva inu mukuti amwenye onse ndi akuba, anthu a ku Nigeria ndi atambwali, azungu ndi auve, Aromani ndi opemphetsa, akuphunzira phunziro lomwe lija anaphunzira anyamata a ku Eltham, kungoti mayina asintha. Ku Leicester kuli mabanja ambiri achimwenye amene anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litawachotsa m'masitolo a kumidzi. Akuluakulu awo ena amalankhula Chichewa chabwino kuposa cha adzukulu anga enieni, koma ndi angati a ife tinawaitanapo pa 6 Julayi? Mumzinda womwewo, mu 2022, anyamata achihindu ndi achisilamu anathamangitsana m'misewu, mzungu palibepo. Ndipo ife tomwe tinakwera ndege ndi katundu wathu wa uyu ndi Mtumbuka, uyu ndi Mlomwe, uyu ndi wa kumpoto. Wogwira ntchito ndi achinyamata amene amadzudzula mwana wachizungu koma n'kusekerera mwana wakuda akamanyoza mnzake wa ku Pakistan kapena ku Poland, anawo amamuona msanga, ndipo mawu ake amatha mphamvu tsiku lomwelo.

Musaganizenso kuti ntchito imeneyi imathera pa tiyi ndi mpira. Mu 1963 kampani ya mabasi ya ku Bristol inkakana kulemba anthu akuda ndi a ku Asia ntchito ya udalaivala ndi ukondakitala. Amene anatsogolera kulimbana nayo, pamodzi ndi Roy Hackett ndi anzake, anali Paul Stephenson, wogwira ntchito ndi achinyamata. Anaimbira kampaniyo foni kupempha kuti mnyamata wina amene ankamuphunzitsa, Guy Bailey, akayesedwe ntchito, ndipo kampaniyo inavomera; itadziwa kuti ndi wakuda, inakana. Anthu ananyanyala mabasi miyezi inayi, ophunzira a payunivesite achizungu n'kuguba nawo, mpaka pa 28 Ogasiti kampaniyo inagonja. Patatha zaka ziwiri, mu 1965, dziko lino linakhazikitsa lamulo lake loyamba loletsa tsankho. Stephenson anadziwa za vutolo chifukwa ankakhala ndi achinyamata n'kumamva madandaulo awo. Inunso mudzamva: sukulu imene imachotsa ana akuda msanga kuposa ena, sitolo imene mlonda wake amatsatira ana athu okha, apolisi amene amasecha anyamata omwewo sabata iliyonse. Lembani, sonkhanitsani, pitani nazo kwa mphunzitsi wamkulu, kwa khansala, kwa phungu wa dera lanu. Lamulo la Equality Act la 2010 limamanga sukulu ndi masitolo omwe. Popita kumeneko tengani achinyamatawo, akuda ndi oyera, akalankhule okha. Mnyamata wachizungu amene waima pamaso pa khansala kuchitira umboni mnzake wakuda waphunzira zimene palibe kalasi ikanamuphunzitsa.

Kuyamba kwake n'kosavuta. Funsani kukhonsolo, kulaibulale kapena kusukulu ya ang'ono anu kuti makalabu amene atsala ali kuti. Adzakufufuzani mbiri yanu kudzera ku DBS, kapena PVG ngati muli ku Scotland, ndipo adzakuphunzitsani malamulo otetezera ana; muwatsate onse, musakhale nokha ndi mwana m'chipinda chotseka, musamalemberane naye pafoni yanu. Zovuta zili pa kukhalitsa. Ana a m'madera amenewa anazolowera akuluakulu obwera ndi chimwemwe mwezi umodzi, kujambulitsa, n'kusowa, choncho miyezi yoyambirira adzakuyesani dala kuti aone ngati nanunso muthawe. Ndikudziwa kuti mashifiti ndi olemetsa, sukulu ikufuna nthawi, ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Musalonjeze masiku atatu. Sankhani madzulo amodzi pa sabata, muuziretu abwana anu akamakonza ndandanda ya mashifiti kuti tsiku limenelo simupezeka, ndipo mukhalepo chaka chathunthu musanaweruze ngati zikuthandiza.